Momwe a Chakhaza Anakhalira Mfumu ya Opandamfumu

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Mvereni. Ndi dziko la anthu aulemu kwambiri. Munthu wa ku Mvereni ukamuponda phazi, ndi iyeyo amene amayamba kupepesa kuti anaika phazi lake pansi pa lako. Mafumu akumeneko onse dzina lawo ndi limodzi, Ndatero, amangosiyana nambala, ndipo pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Ndatero Wachitatu.

M'dziko laulemu lomweli munalinso anthu otchedwa Opandamfumu. Chiyambi chawo chinali mizere. Zaka makumi anayi zapitazo, Ndatero Woyamba analamula kuti mizere yonse ya m'minda iziloza ku nyumba yachifumu, ati kuti chimanga chizikula chikudziwa mwini dziko. Nyumba yachifumuyo ili kuchigwa, choncho kwa alimi a kumapiri lamuloli linatanthauza mizere yotsetsereka. Mvula yoyamba inakokolola mbewu, manyowa ndi mizere yomwe, n'kukazitula pafupi ndi chipata cha mfumu. Chaka cha njala chimenecho anthu khumi ndi mmodzi anakumana padambo lina, mimba zikulira, nagwirizana kuti vuto silinali Ndatero koma mpando. Anati aliyense amene wakhala pamwamba pa anzake, kaya akhale wabwino chotani, tsiku lina adzalozetsa mizere kwawo. Kuyambira pamenepo malowo anatchedwa Dambo la Toto, ndipo chaka chilichonse akatha kukolola ankakumanapo masiku atatu.

Analibe wapampando, analibe mlembi, analibe ngakhale wouza anzake kuti akhale chete. Mfundo inkadutsa pokhapokha aliyense wavomera, ndipo toto wa munthu mmodzi ankakwana kuigwetsa. N'chifukwa chake m'zaka makumi anayi anagwirizana mfundo zitatu zokha, ndipo yachitatu inali yofafaniza yachiwiri. Yoyamba ndiyo inakhalitsa: wolankhula aliyense aziimirira m'dzenje, kuti mutu wake usapitirire mitu ya anzake okhala pansi. Dzenjelo linkakumbidwa m'mawa uliwonse wa msonkhano n'kukwiriridwa madzulo, kuti wina asalizolowere, komanso kuti ng'ombe za eni ake zisathyokemo miyendo.

Wokumba anali a Chakhaza, wosema mipini wa m'mudzi wa Kumtunda. Palibe anawasankha. Tsiku loyamba lija iwo anali atachokera kudimba, khasu lili paphewa, ndiye anangokumba. Chaka chotsatira anakumbanso, poti khasu lawo linali litaidziwa kale nthakayo. Mwa anzawo khumi aja, ena anamwalira, ena anapeza ntchito ku nyumba yachifumu, koma a Chakhaza anangopitiriza kukumba. Dzenje lawo linali lokongola: makoma osalala ngati ozira, pansi pathyathyathya, potsikira pa masitepe awiri. Ankanyadira kuti m'moyo wawo wonse sanalamulepo munthu. Ngakhale galu wawo akagona pakhomo ankachita kumupempha kuti asunthe.

Misonkhano inasintha iwo akuona. M'masiku a Ndatero Woyamba asilikali ankabwera ndi zibonga, ndipo anthu ankapita kudambo atavala mathalauza awiriawiri. Anali ochepa, koma aliyense ankadziwa chimene wabwerera. Ndatero Wachiwiri anauletseratu msonkhanowo, ndiye anthu ankaupanga ngati maliro: apolisi akamadutsa, onse ankayamba kulira mozungulira dzenje, apolisiwo n'kuvula zipewa. Ndatero Wachitatu sanamenye, sanaletse, ndipo msonkhano unanenepa. Panabwera ogulitsa mandasi, okazinga mbatata pachiwaya, ogulitsa masikipa olembedwa TOTO pachifuwa, ndi achinyamata a kutauni ojambula dzenje ndi mafoni. Apolisi aja tsopano ankalondera njinga. Gulu linagawikanso. Panali a Dzenje Lakuya, a Dzenje Lozungulira, ndi ena otchedwa a Pamtunda amene ankati dzenje lenilenilo ndi ufumu wobisika, koma kuti anene zimenezi ankayenera kulowa m'dzenje momwemo.

Zaka makumi anayi zitatsala pang'ono kukwana, Mfumu inasonkhanitsa nduna zake.

"Agogo anawamenya anthuwa, sanathe," inatero Mfumu. "Abambo anawaletsa, sanathe. Ine ndaganiza zowakonda."

Nduna zinayang'anana. Zinkadziwa kuti amene mfumu za ku Mvereni zinawamenya ambiri anachira, koma amene zinawakonda sanaonekenso bwino.

"N'zoona, wawa," anayankha nduna yaikulu a Nzoona, amene dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale.

"Ndikufuna kuwalembera kalata ya mafuno abwino. Koma kalata imafuna dzina pa envelopu. Mtsogoleri wawo ndani?"

Palibe nduna inadziwa, ndiye anaitanitsa Makutu, kazitape wa nyumba yachifumu. Makutu anali munthu wofatsa. Dziko lonse linkadziwa kuti ndi kazitape, ndipo pamisonkhano ankamusungira malo pamthunzi kuti azimva bwino.

"Wawa, ndakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri," anatero Makutu atagwada. "Sikipa ndinagula. Koma wolamula ndiye palibe. Ndafufuza, ndafufuza, mpaka ena anayamba kukayikira kuti mtsogoleri ndine, poti ndine ndekha ndimabwera ndi pensulo."

"Nanga msonkhano amauyamba bwanji?"

"Amadikira dzenje, wawa. Pali mkulu wina amene amakumba. Akafulumira, msonkhano umafulumira. Chaka chatha anadzuka ndi msana, anthu zikwi ziwiri anakhala mpaka masana akutafuna nzimbe."

"Akudandaula?"

"Ayi, wawa. Ena ankamufunsa za msanawo."

Mfumu inaoneka yowawidwa mtima pang'ono.

"Ine ndikachedwa ola limodzi anthu amayamba kutsokomola," inatero. "Munthu amene anthu zikwi ziwiri amamudikira osatsokomola ndi mfumu ameneyo. Lembani!"

Ndipo analemba motere: "Wokumba dzenje la ku Dambo la Toto ndiye Mfumu ya Opandamfumu. Apatsidwe chisoti. Mphatso ya Mfumu sikanidwa, ndipo woikana awolotsedwe mtsinje wa m'malire, asiye munda wake ndi manda a makolo ake. Chisoticho asachivule pagulu kufikira anthu ake atamuchotsa motsata mwambo wawo. Ndatero."

Lamuloli linawapeza a Chakhaza Lachisanu pa Msika wa Tsitsaniko, atayala mipini yawo pathumba, pakati pa Nasibeko wa tomato ndi mkulu wina wogulitsa misampha ya makoswe. Makutu anafika ndi apolisi awiri atanyamula bokosi lalitali.

"Abwera kudzandimanga," anatero a Chakhaza, nkhope ikuwala. Panali patatha zaka makumi awiri osamangidwa, ndipo anali atayamba kuchita nazo manyazi. Anaimirira natambasula manja onse awiri.

"Pepani madala, si zimenezo," anatero Makutu. Anawerenga lamulo lonse mokweza, kenako anatsegula bokosi. Chisoticho chinali chachitali ngati mtondo, cha nthenga za nkhanga, chokhala ndi lamba wa pachibwano.

Kenako Nasibeko anagwada pakati pa milu ya tomato wake n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu.

"Wawa mfumu! Ife timangoti ndi madala a mipini, osadziwa kuti zaka zonsezi takhala moyandikana ndi boma."

"Nasibeko, dzuka, usandichititse manyazi."

"Mwamva anthuni? Ayamba kale kulamula, chisoti chisanafike n'komwe pamutu."

"Sindikulamula, ndikupempha!"

"Onse amayamba n'kupempha," anatero wa misampha uja, osadzutsa mutu.

A Chakhaza anatembenukira kwa Makutu. "Mwana wanga, ine ndimangokumba. Bwanji mungondimenya monga kale, zithere pomwepo?"

"Zibonga zinadyedwa ndi chiswe, madala. Koma ngati mukukana nenani. Galimoto yopita kumalire ili kuseri kwa chigayo."

A Chakhaza anaganiza za munda wawo, mitengo ya mango imene anabzala ndi manja awo, ndi manda a mayi awo. Anawerama. Makutu anawaveka chisoti nayamba kumanga lamba.

"Musamange kwambiri," anatero Nasibeko. "Azitha kutsegula pakamwa n'kunena kuti toto."

Tsiku limenelo mipini inatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ananenerera. Pa Msika wa Tsitsaniko zimenezi zinali zisanachitikepo. A Chakhaza anabwerera kwawo thumba lili lopanda kanthu, mtima uli wolemera, nthenga zikukodwa m'nthambi za m'njira.

Masabata awiri otsatira anali owawa. Anthu anayamba kufika pakhomo ndi milandu: mbuzi yadya chinangwa, malire a dimba asuntha okha, mkamwini sakupereka moni. Ambiri mwa obwerawo anali Opandamfumu enieni, atavala masikipa awo.

"Sitinabwere kwa mfumu ayi," ankatero akukhala pansi. "Ife mfumu sitiidziwa. Tikungofuna maganizo anu basi, koma akhale omaliza."

Akazi awo, Nangondo, ankatonola chimanga pakhonde akumvetsera. Anali mayi wosafulumira kulankhula, amene anapita ku msonkhano uliwonse kuyambira wachiwiri koma sanalowepo m'dzenje, ati poti zonena zawo zinali zazifupi, sizinkafuna masitepe.

"Zitha izi, Nangondo," anatero a Chakhaza alendo atachoka. "Pamsonkhano andichotsa. Anzangawa ufumu amadana nawo kuchokera pansi pa mtima."

"Tikaona komweko," anayankha Nangondo, nataya chitsononkho.

Tsiku loyamba la msonkhano anthu anadzaza dambo lonse. A Chakhaza anakumba mozama kuwirikiza, chifukwa anayenera kuganizira chisoti, ndipo atalowamo anthu ankangoona nthenga zikugwedera.

"Anzanga," anayamba motero, mawu akuchokera pansi, "ichi sindinachipemphe. Ndikachikana ndithamangitsidwa m'dziko. Koma lamulo likuti inu mukhoza kundichotsa mwa mwambo wathu. Chonde vomerani nonse, ndivule."

Anatuluka ali ndi chikhulupiriro chonse. Woyamba kulowa pambuyo pawo anali Tayanjana, mayi wachitsikana wa kutauni wa gulu la Pamtunda, wowerenga mabuku ambiri. M'dzenjemo sankaoneka n'komwe, koma mawu ake anafika mpaka kwa okazinga mbatata.

"Agogo, timakukondani. Koma tikakuchotsani ndiye kuti tavomereza kuti munali mfumu. Munthu angachotse bwanji chinthu chimene kulibe? Kwa ife chimene chili pamutu panucho ndi nkhanga yakufa basi. Ine ndikuti toto."

Toto mmodziyo anali wokwana, koma anthu anali atayenda mitunda, ndiye mzere wa olankhula sunafupike. Mkulu wina wa Dzenje Lakuya anati iye ufumu amadana nawo mpaka imfa, koma chichokereni chisoti ku nyumba yachifumu msewu wa kudambo aupala, ndipo msewuwo waukonda. Wina wa Dzenje Lozungulira anati nkhani ya kuchotsa mfumu singakambidwe m'dzenje la makona anayi. Mayi wina wogulitsa masikipa anati wasindikiza kale atsopano olembedwa TOTO CHAKHAZA, ndipo anthu amuganizire. Koma amene analandira m'manja mwambiri anali bambo wina wa mano ochepa.

"Zaka zonsezi takhala tikutukwana mfumu yakutali, yosatimva," anatero. "Kukhosi kumangowawa pachabe. Lero tapeza yathuyathu, yapafupi, yoti ukaitukwana imamva, mwinanso kupepesa. Tiitaye chifukwa chiyani?"

Ndipo anawatukwana a Chakhaza tsiku lonse, mwachikondi. Ena akatha kuwatcha wopondereza ankapita kukawapatsa nzimbe.

Dzuwa litapendeka, mtima wa munthu amene ankapempha galu unatha. A Chakhaza analowanso m'dzenje nakuwa:

"Chabwino! Poti mwati ndikhale mfumu, ndikukulamulani kuti mundichotse!"

"TOTO!" linayankha dambo lonse ngati munthu mmodzi, mpaka akakowa anauluka m'bango. Okalamba anapukuta misozi. Anati toto wotere anamumva komaliza m'masiku a zibonga, ndipo anapita kukawathokoza a Chakhaza poutsitsimutsa msonkhano.

Pobwerera kunyumba a Chakhaza anaima pakati pa njira n'kuseka.

"Ndawapeza, Nangondo. Anthuwa chilichonse chimene ndalamula amakana. Mawa ndiwalamula kuti andisunge."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndimawadziwa anthu anga."

"Anthu anu," anatero Nangondo, napitiriza kuyenda.

M'mawa mwake a Chakhaza anakumba mwamsanga, nalowa m'dzenje ndi nkhope yaukali imene anaiyeserera m'madzi a mumtsuko.

"Tamverani, inu anthu wamba! Ndikulamula kuti ndikhale mfumu yanu mpaka imfa. Muzindigwadira. Aliyense wofuna kulankhula azipempha kwa ine, ndipo ndikati msonkhano watha, watha!"

Anatseka maso kudikira toto. Toto sanabwere. M'malo mwake anamva anthu akunong'onezana.

"Kunena zoona, madalawa si oipa."

"Akanakhala wina, ndikanakana. Koma awa?"

"Komanso misonkhano izitha msanga. Chaka chatha basi inandisiya."

Wina kumbuyo anawomba m'manja. Wina anamutsatira. Posakhalitsa dambo lonse linali phwaphwaphwa, amayi akululutira, a Dzenje Lakuya akukumbatirana ndi a Dzenje Lozungulira. A Chakhaza anakwera sitepe imodzi kuti aone, ndipo anaona anthu amene anathamanga nawo limodzi pothawa zibonga akuwagwadira, masikipa a TOTO akukhudza udzu.

Anawapulumutsa ndi Tayanjana yemwe uja. Anadumphira m'dzenje osadikira kuti iwo atuluke.

"Mwapenga kodi? Toto! Ine ndati toto, ndipo mfundoyo yagwa!"

Anthu anakhala pansi mwamanyazi, ena akudandaula kuti mtsikanayu amakonda kuononga zinthu. Mfundo inagwadi, koma chisoti chinatsala pomwe chinali. Makutu anawapeza a Chakhaza akumwa madzi.

"Madala, ndakhala pa nyumba yachifumu zaka zambiri," ananong'ona. "Kumeneko ntchito yowomba m'manja timachita kugawira anthu tsiku lisanafike. Zotere sindinaonepo. Izi sindilemba, Mfumu ingadwale."

Madzulo anthu atabalalika, a Chakhaza anatsala akukwirira dzenje, Nangondo atakhala pachulu akuwadikira.

"Anthuwa asintha," anatero a Chakhaza. "Kale sizikanatheka izi. Kazitape mmodzi wangonama kuti ndine mfumu, onse akhulupirira."

"Makutu sananame."

A Chakhaza anasiya khasu lili chilili m'dothi. "Iwe Nangondo, ine ndinalamulapo munthu?"

"Chaka chija munamva kuti a Kalilangwe akonza zolankhula za maola atatu, dzenje munalikumba pati?"

"Pamalo abwinobwino."

"Panjira ya linthumbu. Analankhula mphindi zinayi."

"Zija zinali zothandiza aliyense."

"Ndatero amateronso," anatero Nangondo mofatsa. "Nanga ndi anthu angati anakupemphani khasu kuti akuthandizeni, inu n'kumati apotoza khoma? Anapempha, anapempha, anasiya. Lero m'dambo muno mumabwera mafoni zikwi ziwiri, khasu limodzi. Anthu mwawaphunzitsa kudikira zaka makumi anayi, abambo. Lero mwadabwa kuti akudziwa kugwada?"

A Chakhaza anatsamira pampini wa khasu. Nthenga za nkhanga zinali zitawerama ndi fumbi.

"Ndiye nditani?"

"Ine ndikuuzeni chochita? Ndine Wopandamfumu ine. Kwirirani tizipita, nkhuku sizinatsekeredwe."

Tsiku lachitatu a Chakhaza anafika m'mawa monga mwa nthawi zonse. Anaika khasu pansi pakati pa bwalo, napita kukakhala patsinde pa mkuyu, chisoti chili pamutu. Anthu anakhala mozungulira n'kuyamba kudikira. Dzuwa linakwera. Nzimbe zinatafunidwa.

"Mfumu, msana wayambanso?" anafunsa Nasibeko, amene anali atabwera ndi dengu la tomato.

"Msana uli bwinobwino."

"Nanga dzenje?"

"Sindikumba."

"Ndiye mukutilamula kuti tikumbe ife?" anafunsa bambo wa mano ochepa uja, atakonzeka kale kukana.

"Ine sindinanene kanthu," anayankha a Chakhaza, nayamba kusenda nzimbe.

Apa panabuka vuto limene gululi linali lisanakumanepo nalo. Nkhani ya amene akumbe inkafunika kukambirana, koma kukambirana kunkafuna dzenje. Mmodzi wa a Pamtunda anaimirira kuti anene kuti umenewu ndiwo umboni wa zimene akhala akunena, koma anzake omwe anamukokera pansi poti analankhula mutu uli pamwamba. Anthu zikwi ziwiri anakhala akuyang'ana khasu limodzi. Mandasi anatha. Mbatata inatha. Apolisi olondera njinga anabwera kudzafunsa ngati pali maliro enieni.

Amene anavutika kwambiri anali Tayanjana. Anali ndi mfundo zisanu ndi zinayi zokhudza zimene zinachitika dzulo lake, ndipo zinkamuotcha m'mimba. Dzuwa litafika pamutu anaimirira, anapita pakati pa bwalo, nanyamula khasu. Analigwira ngati akugwira ambulera. Anatema kamodzi, khasu linadumpha. Anatema kachiwiri, linalowa pang'ono. Kachitatu anatulutsa dothi lodzaza mbale ya ndiwo, ndipo anthu anapuma.

Makutu anatsokomola pamthunzi pake, natsegula kabuku.

"Pepani achemwali, dzina lanu lonse? Lamulo likuti wokumba dzenje la ku Dambo la Toto ndiye mfumu."

Tayanjana analiponya khasulo m'manja mwa Nasibeko ngati lamuotcha. Nasibeko analiyang'ana, anamanga chitenje, natema kanayi konse mwa munthu wodziwa munda.

"Lembani, achimwene. Nasibeko Woyamba. Muike ndi nambala, ndikhoza kudzakhala ndi wachiwiri."

Kenako analikankhira kwa bambo wa mano ochepa. Iye anati toto, koma Nasibeko anamufunsa ngati akufuna kutsala wamba pansi pa ufumu wa mayi wa tomato, ndipo bamboyo anatema msangamsanga. Kuyambira pamenepo khasu silinapume. Amene analembedwa kale sankafuna kukhala okha m'kabukumo, ndiye ankalipereka kwa oyandikana nawo. Amene anali asanalembedwe anayamba kuopa kulamulidwa ndi anzawo. Panapangika mzere wautali wokhotakhota mpaka kubango. Ena ankatema akulira kuti agulitsa chikhulupiriro chawo. Ena anabwerera kumzere kachiwiri, ati poyamba sanamve bwino. A Dzenje Lozungulira ankatema m'makona, a Dzenje Lakuya ankatema pakati, a Pamtunda ankatema kamodzi n'kubwezeramo dothi pang'ono ndi phazi. Apolisi anatema. Pensulo ya Makutu inafupika mpaka inatsala ngati njere ya nyemba, ndipo pomaliza iye mwini anatemako kamodzi, poona kuti sizikuoneka bwino kungoimirira.

Dzuwa litapendeka, Makutu anapita pamkuyu paja akupukuta thukuta.

"Madala, lero mwakumbako?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Sindinaligwire n'komwe."

Makutu anatembenuza masamba a kabuku kake, nausa moyo. "Ndiye malinga ndi lamulo, m'dambo muno muli mafumu zikwi ziwiri ndi munthu wamba mmodzi. Simunakane mphatso, simunachotsedwe. Ufumu wangokudutsani basi. Tukulani chibwano."

Anamasula lamba. A Chakhaza anamva mphepo ikuyenda padazi pawo, ndipo anakhala kanthawi atatseka maso ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Makutu anaika chisoti m'bokosi n'kukhalapo.

"Koma ine ndikanena chiyani ku nyumba yachifumu? Mfumu iliyonse ili ndi mpando wake m'bwalo la Mfumu. Mipando ilipo makumi atatu."

"Mukanene kuti tibwera Lolemba," anatero Nasibeko. "Tizikakhala mosinthana. Ine ndikufuna wapafupi ndi zenera."

Msonkhano unayamba. A Chakhaza, munthu wamba yekhayo wa m'dambomo, anayenda pang'onopang'ono kukaona dzenje. Atafika anagwira pakamwa. Linali ngati pamene nkhumba zagubuduka. Mbali ina linkalekeza m'mawondo, mbali ina m'khosi. Masitepe panalibe. Khoma limodzi linali litafufuma ngati tsaya la munthu wodwala dzino. Tayanjana anali kale m'katimo, atapendekeka, phazi lina pamwamba lina pansi, ali pa mfundo yake yachiwiri, manja odzaza matuza akuuluka m'mwamba.

Khasu linali chapafupi pa udzu. A Chakhaza analiyang'ana, nayang'ana khoma lija, nayang'ananso khasu. Dzanja linayamba kupita lokha. Koma pampini panali pataponda kale phazi la Nangondo, amene anali atatema kawiri konse tsiku limenelo.

"Kungosalaza apa pokha, Nangondo. Kamodzi kokha."

"Kamodzi n'kokwana kuti Makutu alembe. Pensulo yatsalako."

"Koma lapotoka!"

"Lapotokadi."

"Munthu athyoka mwendo m'menemo."

"Akathyoka, chaka chamawa akumba bwino. Khalani pansi, abambo."

"Ukundilamula?"

"Ndine mfumu ine," anatero Nangondo.

A Chakhaza anakhala pa udzu pafupi ndi akazi awo, nakhalira manja awo onse awiri, ndipo mfundo zisanu ndi ziwiri zotsalazo anazimvera atatsinzina.